Mayi Likongwe ndi Nkhalamba Yoopa Wailesi

Mayi Mable Likongwe anabadwira ku Bilila m'boma la Ntcheu m'chaka cha 1964. Sukulu analekezera fomu yachiwiri, kenaka anagwira ntchito yothandiza anamwino pa chipatala china cha mishoni kufikira m'chaka cha 2006, pamene achemwali awo anawaitanitsa ku Amereka. Lero amakhala ku Woodbridge m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndipo ntchito yawo ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Amanyamuka m'mamawa kuti alowe mumsewu wa I-95 magalimoto asanathinane. Kumpingo amadziwika kuti ndiwo amayamba kumva za maliro onse a kumudzi, pakuti tsiku lililonse amamvera wailesi ya ku Malawi pa foni. M'miyezi yotentha, 7 koloko madzulo ya kumudzi imakhala 1 koloko masana kuno, ndipo nthawi imeneyo, ya mauthenga a maliro, saiphonya mwadala.

M'mwezi wa Meyi 2019, ejensi imene imawapezera ntchito inawatumiza ku Annandale kukasamalira Mayi Irmgard Pruitt, a zaka 89. Mayiwa anabadwira ku Jeremani, anakwatiwa ndi msilikali wa ku Amereka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, ndipo anakhala m'nyumba imeneyo kuyambira 1958. Amuna awo anali atamwalira kale. M'mawa mutu wawo unkagwira bwino, koma masana unkasokonezeka. Mwana wawo wamkazi, Elizabeth, wa ku College Park, ndiye ankalamula zonse za pakhomopo.

M'mawa, pamene Mayi Likongwe ankawapesa tsitsi, Mayi Pruitt ankakonda kusimba za ubwana wawo. Bambo awo anali mmisiri wa zitsulo m'katauni kena pafupi ndi Kassel, ndipo anakhala zaka zitatu opanda ntchito. Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, zipani zina zinaletsedwa, mabungwe a anthu apantchito anathetsedwa, ndipo bambo aja analembedwa ntchito yomanga misewu ikuluikulu ya konkire. Ankabwera kunyumba Loweruka lokha, manja atang'ambikang'ambika. Pambuyo pake analowa m'fakitale ina imene poyamba inkapanga zipangizo za sitima, kenaka n'kuyamba kupanga zida za nkhondo. M'nyumba munalowa magetsi. Munalowanso kawailesi kakuda kotsika mtengo, kamene boma linkafuna kuti banja lililonse likhale nako kuti lizimva mawu a wolamulira. Batala anayamba kusowa. Sitolo ya nsalu ya banja lina lachiyuda inaswedwa mawindo, ndipo patapita milungu ingapo panalembedwa dzina la munthu wina. Atakwanitsa zaka khumi, Irmgard anavala yunifolomu ya gulu la atsikana a chipani monga anzake onse. Zonsezi ankazinena mosasintha mawu, ndipo kawirikawiri ankamaliza ndi kudandaula za khofi.

"Mable, khofi uyu mwachita kutsukiramo mbale?"

"Ndi amene adokotala analola, Amayi."

"Adokotalawo adzamwe okha."

Vuto linayamba m'sabata yachiwiri. Akadya chakudya cha masana, Mayi Pruitt ankakhala pa mpando wawo m'balaza, ndipo Mayi Likongwe ankatsegula wailesi pa foni. Kwawo anaphunzitsidwa kuti munthu sapanga phokoso m'nyumba ya wamkulu. Chotero ankapita pa ngodya ya kukhitchini, n'kutsitsa mawu kwambiri, n'kuwerama, foni ili pakhutu. Popeza makina oziziritsa m'nyumba ankawapweteka m'mutu, ankafundanso chitenje. Sipankapita mphindi khumi Mayi Pruitt asanadzuke. Ankayendayenda, kukoka makatani, kukhoma zitseko, n'kumalankhula Chijeremani mothamanga. Tsiku lina anagwa pofuna kutseka zenera la pamwamba pa sinki, ndipo anatupa chigongono.

Elizabeth anafika madzulo a tsiku lomwelo. Anayang'ana chigongonocho, kenaka anawerenga buku limene osamalira amalembamo zochitika za tsiku.

"Amene analipo inu musanabwere sanalembepo zoterezi," anatero. "Sindikukunenani, Mable. Koma zinayamba inu mutabwera, ndipo zimachitika nthawi yomweyomweyo. Ndikupatsani mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Zikapitirira, amayi ndiwapititsa kunyumba yosungirako okalamba, ndipo ejensi ndiiuza chifukwa chake."

Owerenga amene sagwira ntchito imeneyi ayenera kudziwa kuti lipoti la kugwa kwa wodwala limamutsata munthu kulikonse. Ejensi ikalandira lipoti lotere imachedwa kukupatsa nyumba ina, ndipo ikakupatsa, imakhala ya maola ochepa. Mayi Likongwe anali ndi zaka 55, ndipo sankafuna kuyambiranso.

Pobwerera, magalimoto ataima pafupi ndi Lorton, anaimbira foni mnzawo Mayi Norah Chibwe, a ku Lusaka, amene amagwira ntchito yomweyi.

"Iwe Mable, uwapatsa chani amai aja? Kapena uwaphikira thelele?"

"Usaseke, Norah. Ntchito ikundithera."

"Manje ni chani? Olo ni nyimbo zako za kwaya? Ine nikakumvera ukuimba, naine ningakhome chitseko."

"Sindiimba. Ndimangomvera maliro, mwakachetechete."

"Ndiye siya maliro yako sabata imozi. Akufa sazathawa."

Mayi Likongwe anatsatira malangizowo. Lolemba ndi Lachiwiri sanatsegule wailesi, ndipo Mayi Pruitt anagona pa mpando wawo bwinobwino. Lachitatu anamva kuti kwa apongozi awo ku Ntcheu kwagwa zovuta, ndipo anafuna kumva tsiku la mwambo. Anati achite mosamala kuposa kale. Anadzipanikiza pa ngodya ija, chitenje kumutu, mawu otsikitsitsa. Posakhalitsa anangomva dzanja lozizira likuwagwira paphewa. Mayi Pruitt anali ataima kumbuyo kwawo ndi bulangeti la pa sofa. Anawafunditsa nalo mutu wonse, n'kuligwira mwamphamvu, akunong'ona. Pa zonse zimene ananena, Mayi Likongwe anamvapo mawu amodzi okha: Papa.

M'mawa mwake, chipeso chili m'manja, anafunsa mwaulemu.

"Amayi, mundikhululukire. Bambo anu ankamvera wailesi atafunda bulangeti?"

Mayi Pruitt anafotokoza. Nkhondo itayamba, boma linaletsa kumvera wailesi za kunja. Munthu wa chipani anayenda khomo ndi khomo kupachika kakhadi kochenjeza pa kabatani ka wailesi iliyonse. Bambo awo, amene mng'ono wawo anali ku nkhondo, ankanyamula kawailesi kaja kupita nako pa ngodya ya kukhitchini, n'kufunda bulangeti, n'kumamvera nkhani zochokera ku London m'Chijeremani. Tsiku lina mtsogoleri wa gulu la atsikana anafunsa kuti ndani akudziwa kumene asilikali afika. Irmgard, wa zaka khumi ndi chimodzi, anaimika dzanja n'kutchula zimene wailesi ya boma inali isanalengeze. Anafunsidwa kumene anazimva, ndipo anayankha zoona. Patapita masiku anayi bambo ake anatengedwa ndi apolisi ali ku fakitale. Anagamulidwa zaka zitatu za kundende, koma sanabwerere.

"Elizabeth amangodziwa zoti agogo ake anafera ku nkhondo," anatero Mayi Pruitt. "Anthu ambiri anafera ku nkhondo. Sizivuta kunena."

Mayi Likongwe nawonso anakula m'dziko la chipani chimodzi ndi wailesi imodzi, kumene munthu sankalowa mumsika popanda khadi la chipani, ndipo ankakumbukira mmene akuluakulu ankasiyira nkhani pakati mwana akalowa m'nyumba. Anamaliza kupesa, nafunsa funso limodzi lokha.

"Akanakhala kuti ankamvera mokweza, zenera lili lotsegula, mukanaopa?"

"Mokweza ndiye wailesi ya boma. Imeneyo ngakhale mumsewu inkalira. Choopsa ndi chonong'ona."

Apa ndi pamene Mayi Likongwe anazindikira kuti ulemu wawo ndiwo unkadwalitsa nkhalambayo. Masana a Lachinayi anachita chinthu chimene iwo eni amati sanachitepo m'nyumba ya munthu wamkulu chibadwire. Anatsegula makatani onse ndi zenera la kumsewu, anaika foni pakati pa tebulo la m'balaza, mkati mwa mbale yagalasi kuti mawu akule, ndipo anakweza mpaka pomalizira. Iwo anakhala mowongoka pa mpando, mutu uli poyera. Mayi Pruitt anayang'ana foni, anayang'ana zenera, nayamba kudzuka. Mayi Likongwe anawauza mokweza kuti iyi ndi wailesi ya boma la kwawo, ikulengeza za anthu amene amwalira, ndipo aliyense amaloledwa kumva. Kenaka anayamba kumasulira uthenga uliwonse: wakuti wamwalira kuchipatala chakuti, mwambo uli mawa m'mudzi wakuti, uthenga upite kwa akuti ndi akuti. Mayi Pruitt anakhalanso pansi.

"Amatchula onse?"

"Onse amene abale awo atumiza uthenga, Amayi."

"Ndi mudzi womwe?"

"Ndi mfumu yomwe."

Lachisanu Elizabeth anafika 1 koloko itangopitirira, ali ndi mapepala a nyumba ya okalamba m'chikwama. Chichewa anachimvera ali pamsewu. Atalowa anapeza amayi ake ali pa tebulo ndi kapu ya khofi, akudzudzula woulutsa mawu kuti akuthamanga.

"Kodi muno mwasanduka siteshoni ya basi?" anafunsa Elizabeth.

"Khala pansi, usasokoneze," anatero amayi ake. "Tili pa Dedza."

Elizabeth anakhala mpaka 4 koloko, ndipo palibe katani imene inakokedwa. Potuluka anaitana Mayi Likongwe pakhonde n'kufunsa chimene chasintha. Iwo anayankha kuti amayiwo sagwirizana ndi mawu otsika, ndipo zotsalazo ndi zoyenera kuwafunsa eni ake, makamaka m'mawa. Elizabeth ananena kuti masiku awiri si umboni wokwanira, choncho aonanso pakatha mwezi. Mapepala aja anabwerera nawo osasainidwa, ndipo ku ejensi sikunapite lipoti lililonse.

Mwezi unatha, unanso unatha. Mayi Likongwe anagwira ntchito m'nyumba imeneyo kwa miyezi khumi ndi isanu ndi iwiri, kufikira pamene Mayi Pruitt anamwalira m'chipinda chawo chomwe, m'mwezi wa Okutobala 2020. Sabata yotsatira ejensi inawapatsa nyumba ina ku Springfield, ya maola okwanira, ndipo ndi kumene akugwira mpaka lero.