Mapira a Mutwakil M'dziko la Eni

Mutwakil ndinkakhala naye chipinda chimodzi ku Alexandria, m'nyumba yosanja imene makoma ake ankasuwa ndi chinyezi cha m'nyanja. Iye anachokera ku Sudan, ine kwathu ku Sohag, m'dziko lomwe lino. Tonse tinali pa maphunziro a ukachenjede, ine za zinenero, iye za nthaka. Ankafufuza mapira opirira mchere. Mbewu anaitenga m'munda wa bambo ake kufupi ndi Wad Madani, n'kuibzala m'timiphika kuseri kwa sukulu.

Anali wamtali, woonda, woyenda ngati palibe chomudikira. M'mawa ankapanikizana ndi anthu m'sitima ya pamsewu, kukathirira mapira ake ndi kuyeza masamba. Madzulo ankabwera ndi buledi wotentha m'khwapa. Tinkadya nyemba zothira mafuta, iye akudandaula kuti anthu a kuno timaopa tsabola ngati ana. Lachisanu tikatuluka mumzikiti ankatenga mbedza n'kukakhala pakhoma la m'mphepete mwa nyanja. Sindikumbuka tsiku limene anabwerako ndi nsomba yoti mphaka n'kuthokoza. Akatopa tinkapita kwa a Gharib, mkulu wogulitsa tiyi pakona pathu, kukamenya madomino.

"Wafika msodzi wamkulu!" ankafuula a Gharib. "Lero tidya chiyani, mphwanga? Ulusi kapena mbedza?"

"Nsomba zanu n'zophunzira, amalume. Zimadya nyambo n'kundisiyira moni."

"Khala pansi ndikukwapule. Iwe domino umaiganizira ngati mayeso."

Kwawo Mutwakil anasiya mkazi, Tahani, ndi kamwana kakakazi, Rawan, kakadali kubere. Awiriwo ankakhala ku Omdurman, pafupi ndi Khartoum. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka ankaimba foni, Mutwakil n'kumalira ngati mbuzi kuti mwanayo aseke.

Nkhondo itabuka ku Khartoum, anandiuza kuti ndi za masiku ochepa. Tahani anabereka mwana kumbuyo n'kuthawira kwa apongozi ake ku Wad Madani, ndipo mitima inakhalako pansi. Patapita miyezi, nkhondo inafikanso kumeneko. Mafoni anangoti zii.

Moyo wake sunasinthe, ndipo n'zimene zinkandipweteka kuona. Ankakwerabe sitima, ankathirirabe mapira. Pa madomino ankaika foni pambali pa kapu ya tiyi, ndipo foni ya munthu wina aliyense ikalira, iye ndiye ankadzidzimuka. A Gharib anayamba kuluza dala. Mutwakil anazindikira.

"Amalume, musandichitire chisoni pa tebulo. Sewerani bwino."

"Ndakalamba, maso sakuona," anatero mkuluyo, akuyang'ana kumbali.

Tsiku lina Mutwakil analongedza chikwama kuti abwerere kwawo. Anakatsanzika kwa mayi Nagwa, mphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wake. Mayiwo sanamuletse, anangomufunsa kuti, "Mukafika kumalire, mukalowera kuti? Mukudziwa kumene ali?" Mutwakil anabwerera kuchipinda. Chikwama chinakhala pakhomo chomangamanga mpaka tsiku limene mawu a Tahani anafika, ojambulidwa pa foni ya munthu wachilendo.

"Bambo a Rawan, tili moyo. Musabwere, ndapota nanu. Amuna a msinkhu wanu akuwagwira m'misewu. Ife tanyamuka ndi anthu opita kum'mawa. Bambo anu akana kuchoka, akuti munda sangausiye."

Anawamvetsera mawuwo mobwerezabwereza mpaka inenso ndinawaloweza. Ataimba nambalayo, sinalowe.

Bambo akewo ankadwala shuga, ndipo mankhwala awo ankafuna pozizira. Mutwakil anawagula n'kuwaika m'firiji mwathu. Anazungulira paliponse pamene anthu akwawo amasonkhana, kufunsa ngati pali wopita chakumeneko. Aliyense ankabwera, wopita panalibe. Mankhwalawo anakhala pakati pa mazira ndi tomato, ndipo ine potenga madzi ndinkawasuntha mwaulemu ngati ndikudutsa pamaso pa munthu wamkulu.

Uthenga unamupeza m'mawa, tili m'sitima. Msuweni wake wogwira ntchito ku Jeddah anaimba, ndipo chifukwa cha phokoso Mutwakil anakweza mawu a foni.

"Pepa m'bale wanga, Mulungu awalandire. Ndachedwa kukupepesa, undikhululukire."

"Awalandire ndani?"

Msuweniyo ankaganiza kuti mwana wa malemu anamva kale. Bambo a Mutwakil anali ataikidwa kalekale ndi anthu oyandikana nawo. Mutwakil anagwirabe chitsulo cha sitima, tinapitirira potsikira pathu, mpaka woyendetsa anatiuza kuti njanji yathera pomwepo.

Tinakhala maliro m'chipinda chathu, opanda mtembo, opanda wachibale. A Gharib anatseka malo awo n'kukweza mipando pamsana, akupumira m'mwamba pa masitepe. Ophunzira a ku Sudan anabwera, kukweza manja, kupemphera, kumwa khofi wowawa. Ambiri mwa iwo anali atakhalapo kale pamaliro otere. Anthu atabalalika, Mutwakil anandiyang'ana.

"Aise, ukandifunsa za muzu wa mapira ndikhoza kulankhula mpaka mawa. Koma amene anasambitsa bambo anga sindikumudziwa."

Ndinangotola makapu.

Tahani anakafika ku Port Sudan, kumene ankagona m'kalasi ya sukulu ina pamodzi ndi mabanja ambiri. Mutwakil anayamba kuyenda m'maofesi kufuna mapepala oti awiriwo alowe kuno. Ankabwerako mapazi atatupa, atauzidwa kuti adikire. Mafoni akalola ankaonana pa kanema, koma Rawan, amene tsopano ankalankhula, ankabisala kumbuyo kwa amayi ake.

"Amayi, amalume a m'foni aja abweranso."

Mutwakil ankaseka kuti mwanayo asachite mantha.

Mapira ena anafa, ena anapirira, ndipo buku la kafukufuku wake linatha. Pa tsiku loteteza kafukufuku, anzathu amadzaza holo ndi abale, maluwa ndi nthungululu. Kumbali kwa Mutwakil kunali ine ndi a Gharib, atavala jekete limene linkawathina m'mapewa. Mutwakil anayankha mafunso modekha, ndipo anakhoza bwino kwambiri. Koma sukulu ya kwawo imene inamutuma kuti akabwerere kukaphunzitsa inali yotseka, aphunzitsi ake atamwazikana m'maiko.

Titatuluka anaimbira Tahani. Mawu ankadukaduka.

"Mayi a Rawan, ndamaliza! Ndakhoza!"

"Mwati chiyani? Mapepala athu atuluka?"

"Ayi. Ndati ndakhoza maphunziro."

"Oo. Tithokoze Mulungu. Pepani, galimoto ya madzi yafika, ndithamangire pamzere."

Foni inaduka. Mutwakil anavula mkanjo wakuda wa mwambowo, naupinda bwinobwino, n'kundifunsa ngati ndikudziwa chipinda chimene amabwezako mikanjo.