Amalume Asaka a Opoziti ku Lirangwe

Abale mwaswera bwanji, tamvani izi nthiti zanga zisanathyoke!

Lero ndinaperekeza amalume ku Lirangwe kukafunsira mbeta ya achimwene athu a Chifuniro. Mtsikanayo, Tadala, analembera amalumewo njira pa foni kuti nyumba yawo ili "opposite" tchalitchi. Tikukwera minibasi pa Chileka amalume anangondiuza kuti, "Tikupita kwa a Opoziti, mkulu wa mpingo."

Titatsika tinafunsa msika wonse. Wakabaza wina mpaka anati, "A Opoziti? Si aja anasamukira ku Zalewa aja?" Ola lathunthu, amalume thukuta kamukamu mu jekete, ine mtima uli m'mwamba kuti eni mbeta atiyesa achipongwe.

Kenako ndinalanda foni ija. Nditawerenga ndinangokhala pansi pafumbi! Tinali titaima pakhomo pa tchalitchi penipeni, ndipo patsidya pa msewu abambo ena ali pampando, akutiyang'ana nthawi yonseyo. Bambo ake a Tadala!

Iwowa ndi aphunzitsi opuma. Atamva anaseka mpaka misozi, n'kutifotokozera kuti opoziti ndiye kuti moyang'anizana, ndipo Angerezi nawonso mawuwa anachita kubwereka ku Chilatini, kunena chinthu choikidwa maso ndi maso ndi chinzake. Amalume osagonja: "Nanga ndalakwa pati? Si inu munakhala moyang'anizana nafe? A Opozitiwo ndinu!"

Mbeta atilola, abale! A Chifuniro akukwatira!

Koma tandiuzani, tsiku la ukwati amalumewa tiwapatse maikolofoni, kapena tiwabisire?