Kuseka Kuseri kwa Chitseko

Mkazi wanga anamwalira chisanu chitangoyamba, m'chipatala chomwe ankagwiramo ntchito ya unamwino. Tinamuika ku Toronto komweko. Pamaliro panabwera Amalawi ochepa amene tinkadziwana nawo, anamwino anzake, ndi abusa achizungu amene anavutika kutchula dzina lake. Wakwawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Motero sindinamete, nyumba sinasesedwe, ndipo zovala zake zinatsala momwe anazisiyira.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira zaumulungu pa yunivesite. Ndinabwerera m'kalasi msanga, poti ndinalibe kwina kopita.

Phunziro lina linali la mmene anzeru achiyuda akalekale ankamasulira Malemba. Ankatiphunzitsa bambo wina wachiyuda, wokalamba, wa mawu otsika, amene sankavula chikhoti ngakhale m'kalasi mutenthe bwanji. Tsiku lina anatenga nkhani ya m'Malemba imene mwana aliyense wa Sande sukulu amaidziwa. Kholo lija lili pakhomo pa hema, dzuwa lili paliwombo, kunafika alendo atatu. Mkazi wake anakanda ufa, alendo anadya, ndipo mkaziyo anaseka ali kuseri atamva kuti adzabala mwana muukalamba wake.

Wanzeru wina, anatero mphunzitsi, analemba kuti alendowo sanabwere ndi mapazi. Mngelo alibe thupi loti n'kudya mkate, choncho zonsezo kholo lija linaziona m'masomphenya lili pomwepo pakhomo. Wanzeru wina wa pambuyo pake anakwiya nazo. Ngati ndi choncho, ndiye kuti mkazi uja sanakande ufa, ndiponso sanaseke. Nanga munthu uja analimbana ndi mngelo mpaka mbandakucha, bwanji anachoka akutsimphina, ngati kunali kulota chabe?

Anzanga analemba m'makope. Ine sindinalembe, chifukwa kunyumba kwanga kunkamveka kuseka.

Tinkakhala m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya nsapato. Masana, ndikatsika sitima ya mumsewu n'kukwera masitepe, ndinkavula jombo n'kukhala pampando. Pamenepo kuseri kwa chitseko cha kukhitchini kunkamveka kuseka kwake, kuja kwa m'mphuno, kumene ankaseka ndikamamuwerengera zozama za m'mabuku iye akuchapa yunifolomu. Kunkamveka kamodzi kokha, kenaka zii. Sindinayesepo kutsegula chitseko nthawi yomweyo. Ndinkadikira kaye, ndipo ndikalowa ndinkapeza mulibe kanthu, koma muli mofunda ngati mwangotuluka munthu.

Sindinkaopa. Kalasi ikatha ndinkathamangira kunyumba.

Ku Mississauga, mzinda woyandikana ndi Toronto, kunkakhala mayi ena a ku Ntcheu, namwino wamkulu. Iwo anamutenga mkazi wanga ngati mwana wawo, ine n'kumanditchula kuti mkamwini, nanenso ndinkati apongozi. Anandiimbira foni kuti Loweruka abwera ndi amayi anzawo awiri adzasese nyumba, atenge zovala akagawe, andimete ndi kundimasula monga akanachitira akuchikazi kumudzi. Ndinawauza kuti ndili ndi mayeso, tidikire kaye.

"Akamwini, mayeso ake ati? Mwakhala bize kuyambira tsiku la maliro. Mwana wanga mukufuna azikhala kukhitchiniko mpaka liti?"

Za kukhitchini ndinali ndisanauzepo munthu aliyense. Ndinafuna kufunsa, koma iwo anali atayamba kale kunena za lumo, kuti ndisavutike kugula, abwera nalo.

Ndinadziwa kuti akasesa, kuseka kuja kutha. Ndinkafuna wina andiuze ngati ndikutaya mkazi wanga kachiwiri kapena ndikungotaya maloto. Lachisanu ndinapita ku ofesi ya mphunzitsi uja. Ndinamupeza akulongedza, poti tsiku limenelo ankaweruka dzuwa lisanalowe kuti akayambe Sabata. Za kunyumba sindinanene. Ndinangofunsa kuti pa anzeru awiri aja ankanena zoona ndani.

Anandifotokozera akumanga mpango m'khosi. Woyamba uja, anati, sankanena kuti masomphenya ndi bodza. Kwa iye chimene nzeru yaona n'choona kuposa chimene maso aona, ndipo ankaopa kuti anthu ayamba kuganiza kuti zakumwamba zili ndi mano ndi mimba. Wachiwiri ankaopa kuti tikasandutsa zonse fanizo, m'hema simutsala munthu. Onse awiri anali ndi choopa chenicheni.

Ndinati nanga iyeyo akuti chiyani. Anayang'ana tsitsi langa ndi ndevu, zomwe zinali zitakula ngati tchire, ndipo anandifunsa kuti wandisiya ndani. Ndinamuuza. Kenaka anati kwawonso wofedwa sameta, koma nthawi ikakwana amameta, afune asafune.

"Zimene mukufunsazo sindikudziwa, bambo. Anthu anga akangana nazo zaka mazana ndipo sanamalize. Koma werengani mpaka kumapeto. Kaya anabwera ndi mapazi kaya m'masomphenya, alendo aja atadya ananyamuka, ndipo mwini hema anawaperekeza. Pamenepo palibe amene amatsutsa."

Loweruka m'mawa apongozi anafika ndi anzawo. Ndinawatsegulira. Anayambira kukhitchini, akusesera kukhomo, akuimba motsitsa nyimbo ya tchalitchi. Zovala anazikulunga m'chitenje chachikulu. Anandikhazika pampando pakati pa chipinda n'kundimeta mpala, ndipo mmodzi wa amayi aja anati mutu wanga ndi wa ana asukulu ndithu, uli ndi ngodya zinayi ngati buku. Tinaseka tonse. Ndinatchera khutu kukhitchini, koma tinaseka ndife anayi basi.

Mtolo ndinaunyamula ndekha kutsika nawo masitepe. Nditafuna kuuika kubuti kwa galimoto yawo, apongozi anakana. Anatsegula chitseko chakumbuyo, anauika pampando bwinobwino, n'kunena motsitsa, "Tiye, mwana wanga."

Mumsewu munali moterera, galimoto inkayenda pang'onopang'ono. Ndinayenda pambali pake, dzanja lili pazenera, mpaka pa mphambano pamene pamadutsa sitima. Apongozi anatsitsa galasi nati ndibwererere pomwepo, woperekeza safika kumudzi, ndiponso ndikavale chipewa ndisanadwale.

Ndinaima mpaka galimoto inakhota. Mphepo inkandiluma pamutu. Ndinabwerera, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muja ndinakhalamo ndekha.