Mphindi Zinayi mu Selo Yachitatu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa choti mayi anali atatopa nane. Sukulu titangotsekera, sabata imodzi yokha ndinali nditathira mchere m'chitini cha shuga, nditasokanso miyendo ya thalauza la mchimwene wanga. Mayi ankabwera kuchokera ku shifiti yosamalira okalamba n'kupeza milandu ikuwadikira pakhomo. Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Barking, kuno ku London, anandikokera kwa Anti Enelesi n'kunena kuti, "Tadala uyu mtengeni, akatope kumeneko."

Anti Enelesi anakulira pa famu ku Zimbabwe, koma makolo awo anali a ku Ntcheu. Ankayang'anira alendo pa kandende kakale komwe kali pa kachilumba mu mtsinje wa Thames. Akaidi anatha kalekale, pano ndi myuziyamu. Anthu amafika pa boti n'kumazungulira maselo, kuona maunyolo ndi mabedi a matabwa. Ine ndinali ndi zaka 17. M'mawa ndinkakwera sitima ya pa njanji ya District mpaka pafupifupi pothera njanjiyo, kenako boti, ndikafika n'kuvala jekete yakuda ya mabatani amkuwa ndi chipewa cha msilikali wa ndende.

Malo anga anali pa selo yachitatu, yokhayo imene alendo amaloledwa kulowa n'kutsekeredwa kuti alawe pang'ono ukaidi. Anandipatsa tochi, wotchi, wailesi yam'manja yoitanira Anti, ndi kiyi wamkulu wongokongoletsa. Malamulo anali omveka bwino. Mlendo umamufunsa kamodzi ngati akufuna kulowa, akakana basi. Chitseko umangochikankha, mpiringidzo umaugogoda kuti ulire koma suulowetsa. Getsi sulizimitsa. Ukawerenga masekondi khumi umatsegula, ndipo akagogoda kawiri isanakwane nthawiyo umatsegula pompo.

"Wamva, mwanawe?" anatero Anti tsiku loyamba. "Anthu timawabwereka mantha, sitiwapatsiratu."

Ndinamva. Koma Anti nthawi zambiri ankakhala padoko kulandira maboti, ndipo swichi ya getsi inali kunja kwa selo, pafupi ndi phewa langa. Inuyo mukanatani? Pofika sabata yachiwiri ndinali ndi kachitidwe kangakanga. Ndinkalowetsa mpiringidzo wonse, kuzimitsa getsi, kuponda pansi mwamphamvu ngati ndikuchoka, kenako kukoka unyolo pa simenti pang'onopang'ono. Chimnyamata china cha ku yunivesite ya ku Greenwich, chachifuwa ngati firiji, chinakuwa kuitana amake anzake akujambula. Mayi wina anatuluka n'kundimenya ndi ambulera, uku akuseka mpaka misozi. Amenewo sindipepesa ayi. Mutandibwezera jekete ija lero, chimnyamata chija ndingachitsekerenso.

Loweruka lina masana, boti linatsitsa gulu la anthu ngati khumi, ndipo ndinamva Chichewa pakati pawo. Anali mayi wa zaka za m'ma 40, nesi wokhala ku Peckham, dzina lawo Sisi Thoko, ndi bambo awo omwe anabwera kudzacheza kuchokera ku Malawi. Mkuluyo anali atatchena suti yotuwa, tayi, nsapato zopolishidwa ngati akupita ku ukwati. Ndinawapatsa moni wa manja awiri, iwo n'kusangalala kwambiri.

"Iii, mpaka kuno kuli athu? Kwanu n'kuti, mdzukulu?"

"Ku Barking, agogo."

"Ndikufunsa kwanu kwenikweni, iwe!" Tonse tinaseka.

Titafika pa selo yachitatu ndinawafunsa ngati angalowe. Anasuzumira m'kati, n'kubwerera phazi limodzi.

"Ine ndaonera pompano, mwanangu. Zikomo."

Pamenepo nkhani inayenera kuthera. Koma Sisi Thoko anali atatulutsa kale foni. "Adadi, lowani ndikujambuleni, nditumize pa gulu la kubanja. Ulendo wonsewu mukabwerere opanda chithunzi?"

Ine n'kuwonjezera moto. "Agogo, mukuopa? Ana a pulayimale akulowa m'menemu."

Azungu a m'gulu lija anali atatiyang'ana, akudikira. Agogo anayang'ana anthuwo, n'kuyang'ana mwana wawo amene anawagulira tikiti ya ndege, n'kuseka kaphwete kopanda mphamvu. Mlendo wa kwathu sakana katatu pamaso pa anthu. Ndinawauza kuti akafuna kutuluka agogode kawiri. Anakonza tayi, analowa.

Ndinatsinzinira Sisi Thoko diso. Mpiringidzo kwee! Getsi thimu. Mapazi di, di, di. Unyolo. Ndiyeno ndinawonjezera china chimene ndinali ndisanachitepo, poti kwa nthawi yoyamba m'katimo munali munthu womva chilankhulo changa. Ndinakulitsa mawu, ndinamenya chitseko ndi kiyi, n'kukuwa kuti, "Iwe m'katimo! Khala chete!"

Anakhaladi chete.

Masekondi khumi anadutsa. Mphindi imodzi. Ine mumtima ndinkati, mdalayu ndi wovuta, akufuna tipikisane. Sisi Thoko ankaseka atagwira pakamwa. Mphindi yachiwiri itakwana anatsitsa foni.

"Tsegula tsopano."

"Dikirani, Sisi, agogoda pompano. Onse amagogoda."

"Adadi?" anaitana. Zii. "Adadi, yankhani!"

Wotchi yanga inali pa mphindi zinayi pamene ndinasolola mpiringidzo. Ndinaiwala za swichi, ndinangoyatsa tochi. Choyamba kuona chinali nsapato zija, zitaikidwa bwinobwino pafupi ndi chitseko, pamwamba pake lamba wopindidwa ndi tayi. Eniake anali atanjuta pakona, nkhope kukhoma, manja pankhongo. Kuwala kwa tochi kutawafika sanatembenuke.

"Ndilipo, bwana," anatero. "Ndilipo. Sindinalankhule, bwana."

Bwanayo ndinali ine.

Sindikumbuka zimene ndinanena pa wailesi, koma Anti Enelesi anafika akuthamanga. Anangoyang'ana kamodzi, n'kundithothola chipewa kumutu.

"Vula jeketeyo! Choka pamaso pawo, akuopa zimenezo!"

Anayatsa getsi, anatulutsa alendo ena aja, kenako anagwada pa simenti patali pang'ono ndi agogo. Sanawagwire. Ankangobwereza motsitsa mawu kuti, "Bambo, kuno ndi ku London. Mwana wanu Thoko ali pano. Chitseko n'chotsegula." Zinatenga nthawi kuti manja aja atsike.

Tinawakhazika pa benchi panja, m'mphepete mwa madzi. Ine ndinaima kumbuyo nditanyamula nsapato, osadziwa kuti ndiwapatse bwanji. Pakamwa panga sipamva, ndiye ndinafunsabe.

"Agogo, bwanji simunagogode? Ndinanena kuti kawiri kokha."

Sanandiyang'ane. "Kumeneko ukagogoda ankatsegula, inde. Koma ankabwera atatu, ndi ndodo. Zaka zitatu ndinaphunzira kusagogoda."

"Zaka zitatu ziti?" anafunsa Sisi Thoko. "Adadi, kumeneko kuti? Si zaka zija munali ku migodi ku Joni, ine ndili wakhanda?"

Agogo analandira nsapato zija m'manja mwanga, n'kuwerama kuzivala. Zingwe zinawakanika kumanga. 

Madzulo ake Anti anandiitanira mu kaofesi ka matikiti. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandifunsa kuti mpiringidzo ndinayamba liti kuulowetsa, ine n'kuwauza zoona. Anatambasula dzanja, ndinaikamo kiyi, tochi ndi wailesi. Ntchito inathera pomwepo, itangokwana masabata asanu.

Lachitatu lotsatira mayi ananditenga ulendo wa ku Peckham kukapepesa, atanyamula nkhuku ndi zipatso zogula mumsewu momwemo. Anatsegula ndi Sisi Thoko, ali mu yunifolomu. Sisi Thoko anawalonjera bwino mayi, koma m'nyumba sanatilowetse. Anati agogo sakufuna kuona munthu, ndipo apempha kuti tikiti yawo isinthidwe abwerere kumudzi msanga.

Ndinagwada pakhonde pomwepo n'kuyamba mawu omwe ndinaloweza m'basi. Anandidula.

"Dzuka, Tadala. Inenso ndinawakankha, si iwe wekha. Andiuza zonse tsopano. Anawatenga kusukulu komwe ankaphunzitsa, nthawi ya chipani chimodzi, popanda mlandu, popanda khoti. Amayi ndi amene anapeka za ku Joni kuti anafe tisasalidwe." Anapukuta m'maso ndi nkhongo ya dzanja. "Akuti anabwera kuno n'cholinga choti andiuze asanamwalire. Ankafuna tikhale pansi awiri, atavala suti yawo, andiuze ngati bambo anga. Ndiye ndadziwira pakona paja, ali chosavala nsapato, akuitana kamwana ka sukulu kuti bwana."

Agogo ananyamuka Lachisanu, sabata zitatu nthawi yawo isanakwane. Sindinawaonenso.

Kupusitsa anthu sindinasiye, ndisakunamizeni. Mwezi wathawu ndinasintha mawotchi onse a m'nyumba, mchimwene wanga n'kukafika pa siteshoni ola lathunthu sitima isanayambe kuyenda, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimagwa ndi phwete. Koma iye anakuwa, anatukwana, anandithamangitsa ndi silipasi. Wokuwa sindimudera nkhawa. Munthu akangoti zii, ine masewera ndimasiya nthawi yomweyo, ndipo sindiyang'ana wotchi.