Nkhosa za a Hilda Zinaiwala Malire

Kumtunda kwathu ku Garthope kulibe mpanda. Kuli miyala, tchire lolekeza m'mawondo, matope akuda oti n'kumeza ng'ombe yathunthu, ndi mphepo yosadziwa ngakhale Lamulungu. Komabe kuyambira kale nkhosa za banja lililonse zinkadziwa busa lawo popanda woziweta. Yaikazi inkakwera ndi kamwana kake nyengo yofunda ikayamba, n'kukaonetsa podyera, pomwera, pobisala chipale chofewa chikagwa, ndi pobwerera. Kamwanako kakakula kankaonetsa kake. Ife anthu tinkabadwa n'kuzipeza zikudziwa kale.

A Hilda Nattrass anabadwira m'nyumba yomaliza, pamene msewu wa phula umathera. Bambo awo anamwalira iwo akadali mtsikana, alongo awo atapita kale kutauni, ndiye nkhosa zinagwera iwo. Anali mayi wamfupi koma wa mawu okwanira anthu atatu, ndipo jombo ankavula pa maliro pokha. Amene anayesa kuwafunsira anabwerako ataphunzira zambiri za matenda a mapazi a nkhosa.

Busa lawo linkathera pakhwawa lina laling'ono, loti mwana n'kulumpha. Kutsidya kwake kunkadya nkhosa za a Isaac Tallentire. Awiriwa anakhalira benchi imodzi kusukulu, ndipo anayambana pamenepo osalekanso.

"Iwe Isaac! Mbava zakozo zadyanso kuno!"

"Mbava ndi zako, Hilda. Zanga n'zopemphera."

"Zopemphera ngati mwini wake, diso limodzi lili m'mbale ya mnzake!"

Ine ntchito yanga ndi kuyendetsa lole yonyamula ziweto, choncho nyimboyi ndinkaimva chaka ndi chaka, makamaka pa tsiku lotsitsa nkhosa kuti zikametedwe. Tsiku limenelo mabanja onse ankakwera ndi agalu awo, kusesa mtunda wonse kuyambira kunsonga. Madzulo tinkadya nyama ya nkhumba ndi tiyi m'holo ya tchalitchi, a Hilda ndi a Isaac akutukwanirana mchere.

Kenako anthu anayamba kutha. Sukulu inatsekedwa. Tchalitchi anagula anthu a kutauni, amagonamo patchuthi, bafa anaika pamene pankaima mlaliki. Banja ili lagulitsa, lija lagulitsa, ndipo wonyamula ndinali ine. Pomaliza kumtunda konse kunatsala magulu awiri a nkhosa, kuno a Hilda, kutsidya a Isaac.

Chaka china mawondo a Isaac anakana. Ana awo onse anali kutauni, wamkulu akukonza zikepe m'nyumba zosanja, ndipo palibe amene ankafuna kumva fungo la ubweya. A Isaac anandiimbira foni kuti ndibwere ndi lole.

Titamaliza kukweza nkhosa zawo, ndinapeza a Hilda ataima pakati pa msewu, ndodo ili m'manja, galu wawo Gyp ali pambali.

"Amayi, tapatukani ndidutse," ndinatero.

"Zima chigalimoto chakocho. Isaac, tuluka kuno!"

A Isaac anatuluka akutsimphina. Ine ndinkayembekeza zotukwana zamasiku onse, koma mawu a mayiwo anali otsika, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukuwa.

"Zako zikachoka, zanga azizibweza ndani pakhwawa paja?"

Ambirife tinali titaiwala zimenezi. Nkhosa sibwerera pamalire chifukwa chokumbukira chokha. Imabwerera chifukwa kutsidyako kwaima zinzake zachilendo, zikuiyang'ana, zokonzeka kuigunda. Mpanda wa a Hilda unali nkhosa za a Isaac, ndipo mpandawo ndinali nditaukweza m'lole.

"Zaka zonsezi umati ndi mbava," anatero a Isaac.

"Ndinkanama ngati? Mbava zomwezo ndikuzifuna. Siyako zochepa chabe, ndizizidyetsa ndine."

"Iwe wekha, magulu awiri, ndi msana umenewo? Usandiseketse, Hilda."

Koma a Isaac sanaseke. Bambo wamkulu uja anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira. A Hilda anawayang'ana kanthawi, kenako anapatuka. Ndinadutsa, ndipo mtima unandiwawa njira yonse mpaka kumsika.

Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Kuyambira sabata imeneyo a Hilda anasanduka nkhosa za a Isaac. M'mawa uliwonse ankakwera ndi Gyp, tiyi ali m'botolo, n'kukakhala pamwala m'mbali mwa khwawa. Iliyonse yoyesa kuwoloka inkakumana ndi ndodo ndi mawu aja. Mayi wopitirira zaka makumi asanu ndi awiri, mvula, nkhungu, iwo pompo. Tinawauza kuti adzafera pamwalapo. Anati pali malo oipa kuposa pamenepo oferapo munthu, ndipo anatchula nyumba yanga.

Chaka choyamba zinatheka ndithu. Nkhosa zikuluzikulu zinkafika pakhwawa, kuima, kuyang'ana kutsidya kopanda kanthu, n'kubwerera mwa chizolowezi. Koma kutsidyako msipu unakula wonona chifukwa chosowa woudya, ndipo munthu sangakhale pamwala usana ndi usiku. Zing'onozing'ono zinayamba kuwoloka iwo akatsika. Kumeneko sizinkadziwa kanthu. Zina zinatitimira m'matope amene nkhosa za a Isaac zinkawalambalala. Zina chipale chinazikwirira poyera, pobisala pali pafupi pomwepo. Zina ndinkazipeza ine pamsewu waukulu wa kuseri kwa phiri, zitagundidwa, utoto wofiira wa a Nattrass uli paphewa. Ndinasiya kuwauza.

Kenako chiuno chawo chinagonja, naye Gyp anafa ndi ukalamba. Nyengo yofunda itayamba, nkhosa zitakwera ndi ana, anandipempha kuti ndiwatengere kumtunda pa njinga yamoto ya mateyala anayi. Ndinawakhazika pamwala pawo paja, bulangeti lili m'miyendo.

Panali nkhosa ina yokalamba, yothyoka nyanga imodzi, imene a Hilda ankaidalira kuposa m'bale. Ikabwerera iyo, zonse zinkabwerera. Tinaiona ikutsetsereka kulunjika kukhwawa, kamwana kake kali pambuyo. Inafika pamadzi. Sinaime, sinayang'ane n'komwe. Inalumpha, n'kutembenuka kuitana kamwanako. Kamwana kanazengereza pang'ono, kenako nako kanalumpha.

"Waona?" anatero a Hilda. "Ikukaphunzitsa."

Kamwana kameneko kadzakula kakudziwa kuti pakhwawa ndi polumpha basi, ndipo kadzaonetsa kake zomwezo. Zimene nkhosa zinasunga kuyambira nthawi ya agogo a agogo athu zinathera pamenepo, ife tikuonerera.

A Hilda anadzuka movutikira, natsamira ndodo, n'kukuwa ndi mawu awo onse aja: "Iwe Isaac!" Nkhosa ija sinadzutse ngakhale mutu.

"Ubwere ndi lole Lachiwiri," anatero, osandiyang'ana.

Lero amakhala kumunsi, m'tinyumba ta okalamba kuseri kwa msika, khomo lawo loyang'anizana ndi la a Isaac. Ndikadutsa ndimawapeza awiriwo pabenchi imodzi, ngati kale kusukulu. Ndimachedwa dala potseka chitseko cha lole, khutu lili tcheru, kuti mwina ndimva wina akutchula mbava. Sakangananso. Amangokhala.