Injini ya Boti mu Galimoto ya Atate

Mvula ikadzaza misewu ya kwathu ku Kanyama, fungo la dizilo ndi matope limandikumbutsa atate. Anali makaniko, koma ntchito inali itawathera. Pabwalo pathu panali galimoto yakale yopanda injini, nkhuku zikuikira mazira pampando. Tsiku lina anabwera ndi injini ya boti la asodzi a ku mtsinje wa Kafue, ikadanunkha nsomba.

Amayi oyandikana nafe anaseka: "Ba Phiri, iyo imamwa manzi ya mumtsinje. Kuno izapya!"

Atate anangoika injiniyo m'galimoto muja, n'kumangirira dilamu la madzi kumbuyo, n'kulumikiza mapaipi oziziritsira injini.

Ine, kamtsikana kawo, ndinkakhulupirira kuti galimotoyo yasanduka boti. Madzi atasefukira, ndinakwera ndi thabwa lopalasira.

"Ba Tate, tizayandama liti?"

"Gwililila chabe, mwana wanga."

Injini inatsokomola utsi, kenako inabangula. Sitinayandame, koma tinayenda, madzi akugawikana kutsogolo. Amayi oseka aja anatithamangira ndi madengu a tomato, akupempha kuti tiwafikitse kumsika.

Lero ndili ndi galaja yangayanga. Munthu akandiuza kuti sizingatheke, ndimayamba kufunafuna dilamu.