Munga wa m'tayala

Ba Oswell anayamba kukonza njinga mu 1991, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wa Rufunsa. Zida zawo zinali zochepa: mpope, guluu, zigamba ndi beseni la madzi. Koma ntchito yawo inali yochedwa. Akamata chubu, ankachotsa tayala lonse, n'kuyendetsa zala m'kati mwake pang'onopang'ono, maso atatsinzina, kufunafuna munga umene unaboola. Zala zawo zinali zipsera zokhazokha.

Patapita zaka zitatu, kutsidya kwa msewu kunabwera wokonza njinga wina, dzina lake Obby. Iye ankangosolola chubu, kumata, kupopa, basi munthu wapita.

“Ba Oswell, mukupempherera tayala kodi?” ankafuula Obby. “Litembenuka mtima liti?”

“Likalapa ndikuuza,” ankayankha iwo, zala zili m'tayala.

Anthu ankaseka, kenako n'kuwolokera kwa Obby. Kwa ba Oswell kunatsala madoda atatu okha oimba besi m'kwaya ya tchalitchi, amene ankakonda mthunzi ndi nsolo. Akazi awo, ba Estina, anafika potopa.

“Atate ake Marjory, mvula ikagwa zinthu zili chonchi, mutseke. Mukawotche makala ndi alamu anu.”

Ba Oswell anangoti, “Ndamva.” Mtima unawawawa, pakuti mtengo uja ankaukonda.

Mu Okutobala kwaya inaitanidwa kukaimba pa chikondwerero ku Mpanshya. Lachinayi lake oimba anapita kukayeserera nyimbo kumudzi wina, ndipo pobwerera anadutsa njira yachidule yodzaza minga. Njinga zisanu ndi zinayi zinaphwa. Amayi asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo mtsogoleri wawo ba Dorcas, anali ndi ntchito zowadikira kunyumba, choncho anathamangira kwa Obby. Madoda atatu aja anakhala pansi pa mango mpaka dzuwa kupendeka. Ba Oswell anatulutsa minga isanu n'kuindandalika pachivundikiro cha chitini chimene ankasungamo minga yotere.

Lamlungu m'mamawa onse ananyamuka. Asanafike pakati pa ulendo, njinga ya ba Dorcas inati fyuu! Minga imene inatsalira m'matayala inali itayambanso ntchito yake. Posakhalitsa amayi onse anali pansi, akukankha njinga, dzuwa likuwawamba. Madoda anatsogola kuti akapemphe anthu adikire, koma nthawi ya kwaya itakwana anawaimiritsa kutsogolo atatu okhawo. Anaimba besi yokhayokha, kung'ung'udza ngati njuchi mumng'oma, anthu akubisa nkhope m'zitenje. Amayi analowa nyimbo yomaliza ikutha, fumbi mpaka m'nsidze.

Lolemba ba Dorcas anafika pamtengo wa mango, amayi anzawo ali pambuyo, aliyense ndi njinga yake.

“Ba Oswell, tabwera kudzalapa,” anatero. “Chedwani mmene mungachedwere. Tabwera ndi mphasa.”

“Amayi, bwerani kuno ndikumatireni mwachangu!” anakuwa Obby.

“Iwe, changu chako chinatiyendetsa pansi mpaka ku Mpanshya!”

Ba Oswell sanaseke Obby. Anachotsa tayala la ba Dorcas, natsinzina, ndipo posachedwa anatukula kamunga kakang'ono ngati mpunga. Amayi analulutira ngati kwabadwa mwana.

Nkhani inafalikira m'matchalitchi ndi pazitsime. Mvula yoyamba itagwa, njinga zinali zitandanda mpaka kumsewu, eni ake atabisala pakhonde la sitolo. Ba Estina anabwera ndi mapepala apulasitiki ndi nsungwi kuti amange kachisakasa pamwamba pa beseni.

“Nanga za makala zija?” anafunsa ba Oswell.

“Makala ati? Gwirani nsungwi iyi, mukundichedwetsa.”

Chitini chija chilipobe, ndipo minga yafika pakati.